Mileme ya m'mango ndi mkangano wa kumene inachokera

Mango akayamba kupsa ku Salima dandaulo limakhala lomwe lija: m'mawa pansi pa mtengo pali zipatso zoboola mbali imodzi ndi zotsalira zotafunidwa, madzi ake atayamwidwa. Chibukireni matenda a Marburg, amene kachilombo kake kamasungidwa ndi mileme ina, ku Tanzania mu 2023 ndi ku Rwanda mu 2024, mantha awonjezeka, moti ena akuti mitengo imene mileme imagonamo ingodulidwa. Olankhula choncho amaika mileme yonse pamodzi, ija yaing'ono ya kudenga ndi iyi ya maso aakulu ndi nkhope ngati ya galu. Akatswiri a zinyama nawonso anavutika nalo funso loti kodi mileme iwiriyi ndi ya mtundu umodzi kapena ayi.

Katswiri wa zinyama John Edward Gray ndiye anapatsa banja la mileme yodya zipatso dzina loti Pteropodidae mu 1821, ndipo mu 1875 katswiri wina, George Dobson, anagawa mileme yonse pawiri, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono. Zinakhala choncho kwa zaka zoposa 100.

Zinthu zinavunduka mu 1986. Jack Pettigrew wa ku yunivesite ya Queensland ku Australia anatsata mitsempha yochokera m'diso kupita ku ubongo, ndipo anapeza kuti mwa mileme yodya zipatso imayalidwa mofanana ndi ya anyani ndi achanga, pamene mwa mileme yodya tizilombo si choncho. Iye anati ndiye kuti mileme ya zipatso ndi abale a anyani amene anayamba kuuluka paokha, kutanthauza kuti nyama zoyamwitsa zinapeza mapiko kawiri. Ambiri anamutsutsa, koma kunena zoona munthuyu sanalote, analemba zimene anaona. Chinamugwetsa ndi kafukufuku wa DNA, amene anasonyeza mobwerezabwereza kuti mileme yonse ili ndi kholo limodzi. Pettigrew anayankha kuti kufanana kwa DNA kungabwere chifukwa cha mphamvu zambiri zimene kuuluka kumafuna, koma umboni utachuluka mfundoyo inalephera. DNA yomweyo inagwetsanso magulu a Dobson: inaonetsa kuti mileme ya zipatso ili pafupi ndi mileme ina yaing'ono ya banja la Rhinolophidae kuposa momwe mileme yaing'onoyo ilili kwa inzake.

Mafupa akale sathandiza kwenikweni. Mleme wotchedwa Onychonycteris, wa zaka pafupifupi 52 miliyoni zapitazo, anaupeza ku Wyoming ku America uli kale ndi mapiko athunthu, koma mafupa a makolo a mileme ya zipatso ndi ochepa kwambiri, choncho kuti banjali linayambira cha ku Asia kapena ku Australasia timadalira DNA.

Lero mitundu yodziwika ili pafupifupi 200, ndipo ina ikutulukirabe. Epomophorus anselli unangolembedwa mu 2004 kuchokera kuno ku Malawi. Abale ake a Epomophorus ndi aja aamuna amalira mobwerezabwereza usiku m'mitengo ya pakhomo. Eidolon helvum ndi ija imasonkhana mamiliyoni ku Kasanka ku Zambia kuyambira Okutobala mpaka Disembala, ndipo imamwaza njere za mikuyu ndi mitengo ina makilomita ambirimbiri. Mleme umene wapezeka kuti umasunga kachilombo ka Marburg ndi Rousettus aegyptiacus, wogona m'mapanga ndi m'migodi. Bango lolumidwa ndi mleme musalidye ndithu, koma kudula mkuyu wa pabwalo sikuufikira mleme wa kuphangawo.