Second-hand: maphatikizo ndi 3, osati 5

Pa zaka zomwe ndakhala ndikuphunzitsa Chingelezi, mawu amodzi omwe ndimawakonda kwambiri m'kalasi ndi awa timamva daily pa kaunjika, second-hand. Ife timati sekondi handi ndipo pa Chichewa sikulakwa ayi, maphatikizo athu amathera ndi lembo la liwu ndiye lilime limangoika i palokha, se-ko-ndi-ha-ndi, 5. Koma pa Chingelezi alipo 3 basi, sec-ond-hand. O wapakatiyo samveka ngati o wathu, ndi kaliwu kofooka kotchedwa schwa, kamangodutsa pakamwa posatsegula bwino.

Nkhani yeniyeni ili pa kutsindika. Second-hand ndi mfotokozi wopangidwa ndi mawu awiri, ndipo mphamvu yake siyikhala malo amodzi, imasuntha. Akakhala kumapeto kwa chiganizo mphamvu imagwera pa hand: this jacket is second-HAND. Koma akatsatiridwa ndi dzina la chinthu mphamvu ija imathawira kumayambiriro: a SECond-hand JACKet. Chifukwa chake nchakuti Chingelezi sichikonda kuti maphatikizo awiri amphamvu agundane, HAND ndi JACK atayandikana chiganizo chimamveka ngati galimoto yadumpha mahampu awiri motsatizana, ndiye woyambayo amapatuka. Zomwezi zimachitika ndi well-known, she is well-KNOWN koma a WELL-known SINGer, ngakhalenso nambala, thirTEEN koma THIRteen BAGS.

Apa mpomwe ambirife timapunthwa, ndipo si nkhani ya nzeru ayi, pa Chichewa tinazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, tamverani mmene mumanenera kaunjiika, ndiye khutu limayembekeza kuti mawu aliwonse ali ndi malo ake okhazikika.

Mukatsegula dikishonale yang'anani timizere tiwiri, kam'mwamba kali pamaso pa hand kakusonyeza mphamvu yaikulu, kam'munsi pamaso pa sec mphamvu yocheperako. Chenjeraninso, si onse amasuntha, homesick ndi waterproof mphamvu imakhala koyambirira nthawi zonse.

Ophunzira anga ndimawauza kuti azimenya desiki katatu kokha potchula, akamenya kachinayi ndiye kuti i walowa penapake. Ndipo polankhula mwachangu, mu second-hand clothes d wa hand nthawi zambiri amasowa, mumangomva han clothes, musamuvutikire.