Makamera asanu ndi atatu, nkhope palibe

Sabata siitha ndisanalandire foni yamtundu umodzimodzi. "Amisiri, atithyolera usiku, tabwerani mutichotsere zithunzi." Ndikafika timakhala pansi, ndikubweza kanema mpaka cha m'ma 2 koloko usiku, ndipo zimene timaona ndi anthu awiri otuwa mbuu ngati mizukwa, wina wavala kapusi, mnzake wadzifunditsa jekete kumutu. Mwini nyumba amaloza ndi chala: "Takulitsani apo." Ndikakulitsa, nkhope ija imangosanduka timabokosi. Kenako amanditembenukira ine, ngati ndine ndinawaikira: "Nanga makamera onsewa ndinagulira chiyani?"

Ndakwera makwerero m'nyumba zambiri mu Johannesburg muno, ku Rosettenville, Turffontein, Mayfair mpaka ku Randburg, ndipo ndatopa nalo funso limene aliyense amayambira: makamera angati, marandi angati. Sindinakumanepo ndi munthu wofunsa kuti kamerayo idzazindikira nkhope pa mtunda wotani.

Masamu ake ndi osavuta. Kamera wamba ya 1080p ili ndi timadontho 1920 chopingasa. Muyezo umene timatsata pantchito yathu umati, kuti munthu wachilendo azindikirike mosakayikitsa, pamafunika timadontho pafupifupi 250 pa mita iliyonse ya malo amene akujambulidwa. Gawani nokha: malowo asapitirire mamita 7 kapena 8 m'lifupi. Koma makamera ambiri ogulitsidwa m'katoni imodzi amabwera ndi lenzi ya 2.8mm, yoona bwalo lonse kuchokera pageti mpaka pachingwe choyanikira zovala. Pafoni zimakongola kwabasi. Kungoti ndi lenzi imeneyo, munthu akatalikira mamita atatu kapena anayi watsala thupi lokha. Mudzadziwa kuti kunabwera anthu ndipo anatuluka ndi TV. Zimenezo mukuzidziwa kale, si TV ija palibe?

Ndiye pali okweza kamera kumtunda kwenikweni, ati mbava zisaifikire. Kamera yotero imajambula zipewa ndi mapewa. Ya pakhomo ikhale mamita 2.5 kapena 3 kuchokera pansi, ndipo iyang'ane pamene munthu sangapazembe: geti laling'ono, chitseko cha kukhitchini, kanjira kopita ku zipinda za kumbuyo. Osaiwala panja pa geti lalikulu, chifukwa kuno ambiri amavutitsidwa ali m'galimoto akudikira kuti geti litseguke, ndipo injini ya geti ndi batire lake ndi katundu amene akuba amamukonda. Kamera imodzi yabwino pamalo otere iposa makamera anayi a m'makona oonerera udzu.

Musalipire ndalama yomaliza musanaione kamera usiku. Masana iliyonse ndi ngwazi. Kukada imadalira timagetsi take ta infrared, tounikira ndi kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo ngati yayandikira khoma loyera, kuwalako kumabwerera m'lenzi, khoma mbee, kwinako bii. Kangaude akaluka ukonde patsogolo pake, mudzaonera kangaudeyo usiku wonse. Uzani mwana wanu avale kapusi adutse mothamanga pageti cha m'ma 9 koloko, kenako mubweze kanemayo. Ngati mwana wanu weniweni simukumuzindikira, wapolisi adzazindikira ndani? Nthawi zina babu limodzi loyaka pageti limathandiza kuposa kugula kamera yodula.

Kuti kamera imaopseza akuba, inde, koma akuba ake ati? Wongodutsa, woyesa mageti kuti aone lotseguka, akaiona amapita kwa aneba. Gulu lobwera pagalimoto litaphimba kumaso siliisamala. Kamera siikuwa, siigwira munthu. Imafuna alamu, kampani ya alonda obwera mukawaitana kapena gulu la WhatsApp la mumsewu mwanu, ndi munthu woimba 10111, nambala ya apolisi. Ndipo ngati foni yanu ikulira pa mphaka aliyense ndi tsamba lililonse, pakatha masiku atatu mudzazimitsa mauthengawo. Ndawaona ambiri. Sankhani kamera yosiyanitsa munthu ndi galimoto ku zinthu zina. Makampani a Hikvision ndi Dahua ali nazo, ngakhale zing'onozing'ono za Tapo ndi Ezviz zilipo zozindikira munthu.

Za magetsi sindikufuna kutaya nthawi, amene anali kuno mu 2023 Eskom, kampani ya magetsi, inawaphunzitsa kale. Ngakhale masiku amene kuthimathima kwachepa, nthambo zimabedwabe, ndipo wakuba wochenjera amayamba wathimitsa pabokosi la mita. Makamera, DVR (bokosi losunga kanema wa makamera) ndi rauta ya intaneti zonse zikhale pa UPS, batire logwira magetsi akathima, pakhalenso choteteza ku mphezi za dzinja lakuno. Ndimakonda makamera a waya chifukwa a Wi-Fi amasokonezeka ndi tizipangizo totsekereza siginolo. Koma inu achimwene amene mukuchita lendi kachipinda kumbuyo, simungaboole makoma a eni: kakamera ka Wi-Fi kokhala ndi memori khadi, koyang'ana chitseko chanu chokha, n'kokwanira. Muwauze alandilodi, ndipo kasaloze pazenera la mnzanu kapena kubafa logwiritsa ntchito nonse. DVR nayo musaiike pansi pa TV ngati dikoda. Akuba amanyamulira pamodzi, umboni wonse n'kupita m'chikwama. Iikeni m'siling'i kapena m'bokosi lachitsulo lokhoma.

Pali nkhani imene imandisowetsabe mtendere, chifukwa mbali ina ndinalakwa ndine. Bambo wina wa kwathu, telala, ankakhala ku Turffontein. Anali atasonkhanitsa katundu woti atumize kumudzi: makina awiri osokera, firiji, mapanelo a sola. Ndinamuikira makamera anayi, ya pageti ndinaitsitsa bwino, DVR ndinaibisa m'siling'i. Pa hard drive, chosungira kanema mkati mwa DVR, anati ndalama zathina, ndiye tinaika yaing'ono, yosunga masiku pafupifupi khumi. Ndinamuuza, koma ndinamuuza ndikupinda makwerero, iye akuyankha foni. Sindinamukhazike pansi n'kumufotokozera kuti ikadzaza siima, imayamba kufufuta zakale n'kumalemba zatsopano pamwamba pake.

Mu Disembala anakwera basi kupita kumaliro. Anamuthyolera tsiku lachitatu atachoka. Mphwake anamuimbira, iye n'kuti, "Musadandaule, zonse zili m'kamera, ndidzaona ndikabwera." Anabwera patatha masabata awiri, n'kukhalanso masiku ena akuthamangira za lendi, kenako ndi pamene anandiitana. Ndinakwera m'siling'i muja kukutentha ngati mu uvuni, ndinatsitsa DVR, ndinalumikiza. Kanema wakale kwambiri amene analipo anali wa pafupifupi sabata imodzi pambuyo pa kuba. Chithunzi chinali choyera bwino: geti lopindika, galu wa aneba akununkhiza, mayi wogulitsa matsache akudutsa, nkhope yake ikuoneka mpaka chipsera cha patsaya. Kamera imeneyo inawaona akubawo bwinobwino, ndipo inawasunga masiku khumi ikudikira munthu. Bamboyo sanandikalipire. Anangoti, "Amisiri, bwezaninso pang'ono." Ndinati kulibe kobwezera. Anati, "Yesanibe."

Kuyambira pamenepo ndimalemba ndi cholembera chakuda pamwamba pa DVR iliyonse kuti imasunga masiku angati. Mukaberedwa, tsiku lomwelo kanema akopedwe pa flashi, makope awiri. Ngati muli kutali kapena simudziwa kukopera, uzani amene ali pakhomo azule DVR kumagetsi. Ndi bwino ikhale yozima tsiku limodzi kusiyana n'kuti izidya umboni. Katsegulitseni mlandu kupolisi mulandire nambala yake, ndipo gogodani kwa aneba lero lomwe, chifukwa makina awonso akufufuta. Makamera a pamapolo a Vumacam amene amawerenga manambala a galimoto m'madera ambiri a mzinda uno simungakaoneko nokha, zimadzera kwa apolisi kapena kampani ya chitetezo, ndiye kuchedwa kwanu n'kuchedwa kwawonso. Onaninso wotchi ya pa DVR mwezi uliwonse. Kabatire kake kakatha, magetsi akangothima tsiku limabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo kanema wonena chaka cholakwika loya amamuseweretsa m'khoti.

Tsono anyamata awa odzitcha amisiri pa Facebook, "makamera anayi, kuika ulere, lero lomwe." Ndimakonza ntchito zawo mwezi ndi mwezi. Waya wake mukaupala ndi mpeni mumapeza aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, umathyoka ukangopindidwa kawiri. Polumikizira akulunga ndi tepi n'kusiya pamvula. Hard drive ndi yakale yochotsedwa m'kompyuta, pomwe pamafunika yopangidwira kujambula usana ndi usiku, monga WD Purple kapena Seagate SkyHawk. Kwina ndinatsegula DVR n'kupeza mulibiretu hard drive. Banja linakhala miyezi likuonera geti lawo pasikirini, osadziwa kuti palibe chikusungidwa.

Koma waya si chimene chimandiopsa kwambiri. Munthu woika makamera amalowa paliponse, amaona pamene mumagona, pamene pali sefa, ngodya imene kamera siifika. Akamachoka, ambiri amasiya akaunti yoonera makamera pafoni ili pa imelo yawo ndi pasiwedi imene akuidziwa iwo. Ndiye kuti ali kwawo akhoza kuona nthawi imene mumatuluka, ndi tsiku limene mwakweza masutikesi kupita ku Park Station kokwerera mabasi. Lamulo la dziko lino, la mu 2001, limati woika zipangizo za chitetezo akhale wolembetsedwa ku PSIRA, bungwe loyang'anira makampani ndi antchito a zachitetezo. Funsani nambala yake ndipo muitsimikize. Kuti ndi wa kwathu, timapemphera limodzi, amalankhula Chichewa chokoma, zimenezo si satifiketi, inenso mundifunse. Akamaliza ntchito, asanatuluke pageti, akauntiyo ilembedwe pa imelo yanu, musinthe pasiwedi iye atatembenukira kumbali, ndipo akuonetseni kukopera kanema pa flashi, inu mukuchita ndi manja anu, kawiri. Akayamba kunena kuti akuthamangira kasitomala wina, ndalama yotsalayo ikhale kaye m'thumba mwanu.