Bokosi lomeza besi wovuta m'chipinda

Tsegulani nyimbo ya besi (mawu otsika, ogunda) wamphamvu m'chipinda chaching'ono, muyende pang'onopang'ono. Pakona mumva besi akugunda mpaka pachifuwa, koma mukafika pakati pa chipinda wazimiririka. Sipika ilibe mlandu. Mafunde a mawu akuwomba khoma n'kubwerera, ndipo pena akuwonjezerana mphamvu, pena akufafanizana.

Ambiri amathamangira siponji kapena mathireyi a mazira. Besi sagonjera zimenezo. Funde la mlingo wa 70 Hz (lonjenjemera maulendo 70 pa sekondi) limatalika pafupifupi mamita 5, choncho siponji yoti ilimeze bwino iyenera kukhuthala kuposa mita imodzi. Ndani angapereke malo onsewo?

Chomwe chimathandiza ndi bokosi lotsekeka ponseponse, lokhala ndi pulayiwudi wopyapyala kumaso kwake. Lili ngati ng'oma, kungoti ng'oma imatulutsa mawu pamene ili limameza. Besi akafika, pulayiwudi amanjenjemera n'kumafinya mpweya wa mkati, ndipo mphamvu ya mawuwo imathera pamenepo, kusanduka kutentha kochepa kosamveka n'komwe.

Vuto lake, bokosi lotere limasankha. Limameza besi wa mlingo umene mwalikonzera ndi woyandikana nawo basi. N'chifukwa chake ine ndimati musagwire sowo musanayeze chipinda. Mawu amathamanga mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Yezani mtunda wa pakati pa makoma awiri oyang'anizana, muuchulukitse kawiri, kenako mugawe 343 ndi nambala imeneyo. Ngati makomawo atalikirana mamita 2.5, ndiye 343 ÷ 5, kutuluka pafupifupi 69 Hz. Pulogalamu yaulere ya pakompyuta yoyezera mawu yotchedwa REW ndi maikolofoni yoyezera zingakutsimikizireni.

Tsopano bokosilo. Chulukitsani kulemera kwa pulayiwudi, m'makilogalamu pa sikweya mita, ndi kuya kwa bokosi m'mamita. Pezani square root ya yankholo (nambala imene mukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka yankholo), mugawe 60 ndi chimene mwapezacho. Pulayiwudi wa mamilimita 6 amalemera pafupifupi makilogalamu 3.6 pa sikweya mita, ndiye bokosi lakuya masentimita 20 lifika cha pa 71 Hz. Mukafuna kutsitsa mlingowo, onjezani kuya kwa bokosi kapena ikani pulayiwudi wolemererapo. Masamuwa ndi poyambira chabe, chifukwa pulayiwudi wamng'ono sapindika mosavuta ndipo amakweza mlingowo. Ine sindipita pansi pa masentimita 60 m'lifupi ndi 120 m'litali.

M'mbali ndi kumbuyo ikani matabwa okhuthala, osagwedera. Mkati, chakumbuyo, mangani mineral wool (zonga thonje zopangidwa ndi miyala kapena galasi), mutavala magolovesi ndi masiki poti amayabwa. Ameneyu amathandiza kuti bokosi limeze besi wosiyanasiyana pang'ono, komanso kuti lisayambe kulira lokha. Asakhudze pulayiwudi: siyani mpata wa sentimita imodzi kapena awiri. Pulayiwudiyo mumugwire m'mphepete mokha, osaika thabwa lina pakati.

Ntchito zambiri zimafera pa kampata kamodzi. Mpweya ukamatuluka, bokosi limachoka pa mlingo munalikonzera uja. Matani guluu polumikizira ponse, mutsirize ndi silikoni, ngakhale pamabowo a misomali.

Liikeni pakhoma limodzi mwa awiri aja, makamaka chapakona pamene besi amaunjikana. Imbitsani mawu amodzi a mlingo munapeza uja, monga 69 Hz, mugunditse zala pa pulayiwudi, kenako muzikweza ndi kutsitsa mlingo wa Hz wa mawuwo. Pamene akunjenjemera kwambiri ndi pamene bokosi lanu lakhazikika. Ngati paphonya, sinthani pulayiwudi musanakhome lachiwiri, poti limodzi lokha silikwanira.