Zoti ku Chernobyl sikukhala munthu sizoona

Anthu ambiri amaganiza kuti chiphulikireni malo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, ku Ukraine, pa 26 Epulo 1986, dera lonselo linasanduka bwinja lopanda ngakhale munthu mmodzi. Ayi ndithu. Nzoona kuti boma la Soviet Union linasamutsa anthu pafupifupi 116,000 chaka chimenecho, a mutawuni ya Pripyat anawauza kuti angotenga zochepa abwerera pakatha masiku atatu, mpaka lero. Koma anthu pafupifupi 1,200 anabwerera mozemba kumidzi yawo, mkati mwa dera loletsedwa la makilomita 30 kuzungulira malo a ngoziyo, ambiri mwa iwo agogo aakazi. Amawatcha samosely.

Ena amati anali osazindikira, sankamvetsa za radiation, poizoni wosaoneka ndi maso wochokera ku nyukiliya. Ine sindikuona choncho. Awa ndi anthu oti anapirira nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ali pamudzi pomwepo, manda a makolo awo ali pomwepo, munda ndi chitsime chimodzimodzi, ndiye uwatenge ukawasiye kuchilendo komwe ena akuwasala ngati ali ndi nthenda yopatsirana, mtima ungakhazikike bwanji? Anasankha kukafera kwawo akulima kachewere wawo, boma linatopa nawo n'kuwasiya.

Poizoniyo analipodi, ana ambiri amene anamwa mkaka woipitsidwa anadzadwala khansa ya chithokomiro. Komabe lipoti la mabungwe a United Nations la 2005 linati vuto lalikulu kwambiri laumoyo lomwe ngoziyi inasiya ndi la maganizo, nkhawa zosatha ndi kusweka mtima. Agogo aja pano atsala ochepa kwambiri, ukalamba ukuwatenga mmodzimmodzi.