Ntchito ya namwino wa ku fiyeta siyezedwa ndi chiwerengero cha odwala

Anthu ambiri amaganiza kuti namwino wa ku fiyeta ali ndi ntchito yochepa poti amasamala wodwala mmodzi pa nthawi, pomwe wa muwodi amayang'anira ambiri. Kuwerengera kotereku n'kolakwika.

Wodwala asanalowe, namwinoyu amakhala atayala kale zipangizo zophedwa majeremusi. Amawerenga singano, timipeni ndi thonje opaleshoni isanayambe komanso bala lisanasokedwe, kuti pasatsale kanthu m'thupi mwa munthu. Kuwerengaku kuli m'gulu la mfundo 19 za chitetezo zomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa mu 2008.

Opaleshoni ina imatha mphindi 30, ina maola asanu iye ali chiimire. Poyeza ntchito yake tiziwerengera maolawa, kuvuta kwa opaleshoniyo, kukonza chipinda wodwala wina asanalowe, komanso kudzutsidwa pakati pa usiku mayi akalephera kubereka yekha.