Mezhyrich, mudzi umene nkhuti inavumbula nyumba za mafupa

Ophunzira anga ndimawauza kuti asanatsegule buku la mbiri ya mudzi uliwonse, ayambe afunsa tanthauzo la dzina lake. Mezhyrich, kamudzi ka m'chigawo cha Cherkasy pakatikati pa dziko la Ukraine, dzina lake limangotanthauza kuti "pakati pa mitsinje". N'zoonadi, kamudzika kali pamene mtsinje wa Rosava umathira mu Ros, ndipo Ros naye akayenda pang'ono amakathira mu Dnipro, kumunsi kwa tauni ya Kaniv. Malo otere munthu sawadutsa osaima: madzi ali pafupi, katunda kouma kalipo, ndipo nyama zobwera kudzamwa umazionera patali.

Mu 1965 mlimi wina wa m'mudzimu ankakulitsa nkhuti yake. Kumeneko khomo lililonse limakhala ndi kachipinda kokumba pansi, kosungiramo mbatatesi, kabichi ndi ndiwo za m'mabotolo kuti zisaundane m'nyengo yachisanu. Ali mkati mokumba, fosholo inagunda chinthu cholimba. Sunali mwala, inali nsagwada ya mamoti, njovu yaubweya ija imene inatha kalekale. Chaka chotsatira katswiri wa mafupa a nyama zakale, Ivan Pidoplichko, anayamba kufukula pamalopo, ndipo chimene chinkaoneka ngati mulu wa mafupa chinapezeka kuti ndi nyumba yogumuka. Pomalizira pake nyumba zotere zinapezeka zinayi, zomangidwa zaka pafupifupi 15,000 zapitazo.

Kuti mumvetse chifukwa chake munthu angamange ndi mafupa, iwalani kaye Ukraine wa lero wa minda ya tirigu ndi mpendadzuwa. Nthawi imeneyo dziko linali lozizira koopsa, louma, la udzu wokhawokha. Mitengo yoti n'kudula nsichi kapena phaso inali yosowa, koma mafupa a mamoti anali mbwee m'zigwa. Omangawo anakwirira zigaza mozungulira kukhala maziko. Kunja kwa nyumba yoyamba anasanja nsagwada 95, chibwano choloza pansi, ina kulowa mwa inzake monga mmene amayi amasanjira mbale. Minyanga inali ya kudenga, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti pamwamba pake ankafolera ndi zikopa. Ngakhale nkhuni zinali mafupa omwewo. Phulusa la pamalo osonkha moto ladzaza ndi makala a fupa. Pambali pa nyumba anakumba maenje, ndipo poti nthaka inali youndana chaka chonse, nyama inkasungika bwinobwino mmenemo. Ndimaseka ndikaganiza kuti wokumba nkhuti anagwera pa nkhuti za anzake amene anamutsogolera.

Anthu ambiri akamva izi amaganiza za alenje olusa amene anapha njovu mazanamazana. Ine sindipita nawo kutali choncho. Mafupa ena amaonetsa kuti anakhalitsa pamtetete, ena anatafunidwa ndi zilombo asanaikidwe pakhoma. Kupha ankapha ndithu, koma kutola kunalinso kwambiri, ndipo kunyamula chigaza cha njovu si ntchito ya munthu mmodzi. Apa ndi pamene pali nkhani: panali gulu lomvana, lodziwa kugawana ntchito, lobwerera pamalo omwewo kwa nthawi yaitali.

Sanali anthu odzitsekera okha ayi. M'nyumbazi munapezeka zigoba za nkhono za m'nyanja zochokera kutali, komanso utomoni wouma wonyezimira wopangira mikanda. Munalinso chigaza cha mamoti cholembedwa mizere ndi dothi lofiira, ndi kachidutswa ka mnyanga kojambulidwa zinthu zimene ena amati ndi mapu a mtsinje ndi nyumba za m'mbali mwake. Zoti ndi mapu, pamenepo akatswiri amatsutsana mpaka lero.

Chimene chinasunga zonsezi ndi fumbi. Mphepo za nthawi ya chisanu ija zinkaunjika fumbi lachikasu pang'onopang'ono mpaka nyumba zinakwiririka, ndipo pamwamba pake udzu wowola wa zaka zikwizikwi unasanduka dothi lakuda lotchedwa chernozem, lachonde chosowa nacho chonena. Chonde chimenechi chakhala chikukopa olima ndi olanda omwe. Dera la Ros linalamulidwapo ndi mafumu a ku Kyiv, kenako Lithuania ndi Poland, ndipo mu 1793 linagwa m'manja mwa Russia. Boma la Soviet litakakamiza alimi kulowa m'minda ya gulu yotchedwa kolkhoz, njala ya Holodomor ya 1932 ndi 1933 inapulula midzi ya m'dera lino, pa dothi limene lingadyetse mayiko. Kumayambiriro kwa 1944, kumtunda kwa mtsinje womwewu, ku Korsun, asilikali a Germany anazingidwa pa nkhondo yoopsa.

Chigawo cha Cherkasy chinakhazikitsidwa mu 1954, ndipo mu 2020, pamene Ukraine anaphatikiza maboma ake 490 kukhala 136, boma la Kaniv linathetsedwa, Mezhyrich n'kukhala pansi pa boma la Cherkasy. Nyumba yoyamba ija anainyamula fupa ndi fupa n'kukaimanganso ku nyumba yosungiramo zachilengedwe mumzinda wa Kyiv. Yachinayi anaisiya pomwe anaipeza, n'kuimangira denga, pakati pa makomo ndi minda ya anthu a m'mudzimo.