Kamota Konjenjemera ndi Batire Zisakhudzane mu Kachipangizo ka Vape

Tizipangizo tina tosutira vape, yomwe ndi ndudu yamagetsi, timanjenjemera pang'ono m'manja pofuna kudziwitsa wosuta kuti tayaka, tatentha mokwanira kapena kuti moto wa m'batire watsala pang'ono kutha. Chimene chimanjenjemeracho ndi kamota kozungulira ngati batani la malaya, kotambalala pafupifupi mamilimita 10, kochindikala mamilimita 3, ndipo m'kati mwake muli kachitsulo kolemera mbali imodzi kamene kamazungulira maulendo oposa 10,000 pa mphindi. Popeza malo ndi ochepa m'kachipangizo kotalika ngati chala, opanga amakopeka kuika kamotaka mogundizana ndi batire, ndipo pa ntchito yanga yoyesa zipangizo zoterezi palibe malo ena amene ndimawayang'anitsitsa kuposa pamenepa.

Anthu ambiri amaganiza kuti choopsa ndi kugwedezeka kwa batire. Batire ya lithium-ion yopangidwa bwino imapirira kugwedezeka, chifukwa isanaloledwe kunyamulidwa pa ndege kapena pa sitima iyenera kupambana mayeso a UN 38.3, momwe imagwedezedwa maola atatu mbali iliyonse mwa mbali zitatu. Chimene sichipirira ndi kukhuzidwa pamalo amodzimodzi ndi chinthu cholimba. Batire zaphwatalala za m'tizipangizo tating'ono zilibe chigoba chachitsulo, koma zimakutidwa ndi kathumba kofewa ka pulasitiki ndi aluminiyamu kochindikala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita. M'kati mwake mbali ziwiri za magetsi zimalekanitsidwa ndi kapepala kapulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Kamota kali ndi chigoba chachitsulo, ndipo kakamanjenjemera katatsamira kathumbako kamakhala ngati tupa amene akupala pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku.

Ndinatsegulapo kachipangizo kamene kanagwira ntchito miyezi ingapo, ndipo pa batire panali kabwalo konyezimira kofanana ndendende ndi m'mphepete mwa kamota, pomwe pulasitiki yakunja inali itaperepeseka mpaka aluminiyamu kuonekera. Kachipangizoko kankayakabe bwinobwino ndipo mwini wake sankadziwa kanthu, chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri. Kathumba kakabooka, chinyezi chimalowa ndipo madzi a m'batire, amene sachedwa kuyaka, amatuluka. Mbali ziwiri zija zikakhudzana pamachitika shoti, kutentha kukafika cha m'madigiri 130 kapepala kolekanitsa kaja kamayamba kusungunuka, ndipo kuchokera apo kutenthako kumadzikolezera kokha mpaka batire kuphulika. Foni ya Galaxy Note 7, imene Samsung inaichotsa pamsika mu 2016 mabatire ake atayamba kuyaka, inaonetsa kuti tinthu tochepa timakwanira kuyatsa moto, chifukwa kafukufuku wa kampaniyo anapeza ngodya za batire zopanikizika, timinga ta chitsulo totsala powotcherera, ndiponso mabatire ena osowa tepi yotchinga.

Chotchinga chabwino chiyenera kugwira ntchito zingapo nthawi imodzi, ndipo tepi yokha siingazikwanitse zonse. Tepi yachikasu ya polyimide, yodziwika ndi dzina la Kapton limene kampani ya DuPont inaipatsa, imatchinga magetsi ndi kupirira kutentha kwambiri, choncho ndi yoyenera kukutira chigoba cha kamota ndi powotcherera mawaya ake. Koma ndi yopyapyala, ndipo ikamakhuzidwa imathanso. N'chifukwa chake pakati pa kamota ndi batire pamafunikanso kasiponji kapena silikoni woti ameze kunjenjemerako, komanso mpata woti batire itupire, popeza batire zaphwatalala zimafufuma zikamakalamba, ndipo mpata umene unali wokwanira m'fakitale ukhoza kutsekeka patapita chaka. Pali vuto linanso la vape yokha: madzi osutawo, opangidwa ndi propylene glycol ndi glycerine, amadontha kapena kusanduka mame m'kati, n'kufewetsa guluu wa tepi mpaka tepiyo kutsetsereka pamalo pake.

Ine ndimaona kuti njira yodalirika ndi kupatsa kamota kachipinda kakekake koumbidwa m'chigoba cha pulasitiki, kokhala ndi kakhoma kolimba pakati pa kamotako ndi batire. Kamota kakamatiridwa ku chigoba, kunjenjemera kumapita kudzanja komwe kukufunika, ndipo wopanga angagwiritse ntchito mphamvu yochepa. Mawaya ake awiri, amene ndi opyapyala kwambiri, adutse mu kamsewu kawo osati pansi pa batire.

Wosuta sangaone zonsezi, koma angathe kumva. Kunjenjemera kukasintha n'kuyamba kumveka ngati kanthu kakugogoda m'kati, kamota kamasuka pamalo pake. Kachipangizo kotero, kapena kamene katupa, kakutentha kali m'thumba kapena kakununkha ngati mankhwala, asakatchajenso, ndipo akapereke kumalo olandira mabatire otha ntchito.